Loweruka ukakajambula bandi ija, tsitsa gain

Eee mphwanga, ndaumva uthenga wako. Ndimati ndilembe koma ndi zambiri, ndiye ndingoyankhula, ukasokonezeka ubwerezenso kumvera. Wati Loweruka ukukaonera kabandi kaja ka indie rock ndipo ukufuna ujambule mawu, anzako amene sapita adzamveko. Ndasangalala kwambiri. Mabandi ang'onoang'ono ngati amenewa ambiri amatulutsa chimbale chimodzi, mwina ziwiri, kenako aliyense walowera kwake. Mmene ankaimbira pa siteji zimatsala kwa munthu mmodzi yekha amene anaima pakati pa anthu n'kujambula. Ku Chicago kuli bambo wina, Aadam Jacobs, anayamba kujambula m'zaka za m'ma 1980, ndipo wajambula makonsati oposa 10,000. Pano anthu ongodzipereka akuika matepi akewo pa Internet Archive, laibulale yaulere ya pa intaneti. Ndiye usaione ngati ntchito yamasewera.

Choyamba makina... ayi, dikira. Tisanafike ku makina, upemphe kaye. Alembere oimbawo lero lomwe, kapena ukawapeze pa tebulo pamene amagulitsa ma T-shirt, mabandi ang'ono nthawi zambiri amakhala pompo okha. Uwauze kuti ndikufuna kujambula mawu okha, sindigulitsa, ndikutumizirani inuyo poyamba. Ambiri amavomera, ena amakondwera kumene. Akakana, basi, kachipangizo kabwerere m'thumba, uvine ngati wina aliyense. Eni holo nawonso amakhala ndi malamulo awo, ufunse pakhomo. Mwambo wopemphawu ndi wakale. A Grateful Dead, bandi ya rock ya ku America, mu 1984 anafika popatula malo apadera a ojambula kumbuyo kwa tebulo la injiniya wa mawu, pangano lake linali loti muzigawana koma osagulitsa. Pangano limenelo ndi lomwe tikuyendera mpaka lero.

Pali mnyamata wina, dzina ndisiya, ndinamuuza zomwezi. Iye anajambula mobisa, n'kuyamba kugulitsa, mkati muli nyimbo ziwiri zomwe oimbawo anali asanatulutse. Atamva, analetsa aliyense kujambula. Tonse tinaluza chifukwa cha munthu mmodzi, ndipo bandi imeneyo inatha chaka chotsatira. Makonsati awo omaliza palibe amene ali nawo. Zimandiwawabe.

Chabwino, makina tsopano. Wati wabwereka karekoda kam'manja. Kaya ndi Zoom kaya ndi Tascam, zonse zimagwira ntchito mofanana. Lowa mu menyu, pa mtundu wa fayilo usankhe WAV, osati MP3. WAV, 24-bit, 48 kHz. Zimenezo zimadya pafupifupi gigabayiti imodzi pa ola, ndiye khadi la memori likhale ndi malo okwanira maola atatu kapena anayi, chifukwa pamakhala bandi yotsegulira. Mabatire atsopano, ena apadera m'thumba. Zimenezo ukudziwa kale.

Tsopano apa ndiye umvetsetse. Gain. Ena amati input level, ena rec level, ndi chinthu chimodzi, ndi kamene kamauza rekoda kuti ikweze bwanji mawu olowa pa maikolofoni. Pa kasikirini pali timizere tiwiri tomwe timavina mawu akamalowa, kumapeto kwake kuli 0. Ziro ameneyo ndi denga. Mawu akagunda dengalo, nsonga zake zimadulidwa, ndipo zomwe udzamve ndi ng'oma zong'ambika, besi ikuphulika ngati sipika yoboka. Ndipo sizikonzeka. Ndibwereze, sizikonzeka. Pali mapulogalamu omwe amayesa kuziziritsa pang'ono, koma chomwe chadulidwa sichinalowe n'komwe mu fayilo.

Ine zinandichitikira, n'chifukwa chake ndikukakamira pamenepa. Inali bandi yomwe ndinaidikira zaka zitatu. Anayamba ndi nyimbo yofatsa, gitala imodzi ndi mawu a woimba basi. Ndinayang'ana timizere tija, ndikuona tili pansi, ndinati aa, izi sizimveka, n'kukweza gain mpaka tinafika pafupi ndi pamwamba. Kenako rekoda ndinaiika m'thumba la malaya osayang'ananso. Patangopita mphindi ziwiri ng'oma zinalowa, magitala awiri onse aponda ma pedal awo, holo yonse kunjenjemera. Ine ndili kusangalala, osadziwa kuti kuyambira pamenepo mpaka kumapeto, ola lathunthu ndi mphindi khumi, zonse zikugunda denga. Nditafika kunyumba ndinavala mahedifoni, mphindi ziwiri zoyambazo zokoma ngati uli pomwepo, zotsalazo phokoso lokhalokha. Ndinakhala pansi osayankhula. Ndinali nditalonjeza oimbawo kuti ndiwatumizira.

Ndiye chomwe uchite ndi ichi. Nyimbo zamtunduwu zimakonda kuyamba pansipansi kenako n'kuphulika, ndi khalidwe lake. Usatchere gain pa gawo lofatsa. Utchere pa gawo laphokoso kwambiri, pamene ng'oma ndi besi ndi magitala zonse zalowa, ndipo pamenepo timizere tizifika pa -12. Mainasi thwelofu, osapitirira kwenikweni. Ukaona kuti pa nyimbo yofatsa tili pansi pa -30, usade nkhawa, usakhudze. N'chifukwa chake ndati 24-bit, mawu otsika umadzawakweza pa kompyuta osawonongeka. Otsika amakwezeka, osweka sabwerera. Wandimva? Kulibwino kutsitsa mopitirira kusiyana ndi kukweza.

Mwina ukufunsa kuti nanga ndidziwa bwanji phokoso lawo asanayambe. Eya, ugwiritse ntchito bandi yotsegulira. Uyesere pa iwowo. Koma, koma, bandi yaikulu nthawi zambiri imakwezedwa kuposa yotsegulira, ndiye ukapeza malo abwino pa oyambawo, utsitsenso pang'ono. Nyimbo yoyamba ya bandi yako uiyang'anitsitse mpaka kolasi yoyamba idutse. Ikadutsa bwino, tseka mabatani ndi hold, usagwirenso. Kusinthasintha gain pakati pa nyimbo kumamveka, ndipo n'kovuta kukonza.

Ndaiwala, pali chinthu chotchedwa auto level. Chizimitse. Chimakweza chokha pakakhala bata, ndiye pakati pa nyimbo umangomva anthu akucheza ndi mabotolo, ng'oma ikalowa chimatsitsa mwadzidzidzi, nyimbo imamveka ngati ikupuma movutikira. Limiter, ija imatsitsa mawu akayandikira denga, ungaisiye yoyaka ngati chitetezo, koma si chifukwa chokwezera gain. Marekoda atsopano ena ali ndi 32-bit float, amenewo denga lija silivuta, koma maikolofoni yokhayo ili ndi malire ake. Ukaiika kukamwa kwa sipika idzasweka basi.

Zomwe zikundifikitsa pa malo oima. Anthu amaganiza kuti kutsogolo ndiye kwabwino. Kuonera inde, kujambula ayi. Kutsogolo kwenikweni masipika akuluakulu amaponya mawu kudutsa pamutu pako, iwe umangotola ng'oma ndi ampu ya gitala yomwe wayandikana nayo, mawu a woimba osamveka. Yang'ana pamene pali injiniya wa mawu ndi tebulo lake la mabatani, kawirikawiri pakati kapena chakumbuyo pang'ono. Iyeyo amasakaniza mawu kuti azimveka bwino pamene waimapo. Ndiye uime patsogolo pake pang'ono, pakatikati pa masipika akumanzere ndi akumanja. Osati pakhoma, besi imaunjikana pamenepo. Osati pafupi ndi bala, kumeneko n'kwa ocheza. Umupatse moni injiniyayo, mwaulemu, asanayambe ntchito, osati pakati pa nyimbo. Nthawi zina oimba akalola amatha kukupatsa waya kuchokera pa tebulo lake, koma pa ulendo woyamba uno zisiye kaye zimenezo.

Rekoda ikhale m'mwamba, pa msinkhu wa phewa kapena kupitirira, maikolofoni ataloza ku siteji. Matupi a anthu amameza mawu. M'thumba muja ndinaika ine sim'malo mwake, nsalu imakhuza. Kasiponji kaja kotchinga mphepo kavekere pa maikolofoni, ngakhale muli m'nyumba, mafani oziziritsa m'holo ndi mpweya wa anthu zimawomba. Ndipo dzanja lisamayendeyende pa rekoda, kukhudza kulikonse kumamveka ngati kugogoda.

Ndiye chovuta kwambiri, iweyo ukhale chete. Ndikudziwa nyimbo zawo umaziimba zonse pamtima. Pakamwa pako pali pafupi ndi maikolofoni kuposa woimbayo, ukaimba udzamveka iwe wekha. Mtsikana wina tinapita naye, ndinamuchenjeza, iye amvekere ndingong'ung'udza pang'ono. Fayilo yonse ndi iyeyo, bandi ikumveka kutali ngati wailesi ya oyandikana nawo. Anzako opita nawo uwauziretu kuti akafuna kukuwa asunthe pang'ono. M'manja uziomba nyimbo ikatha, koma kutali ndi rekoda.

Aa, china, ichi chagwetsa ambiri. Marekoda ena ukadina batani lofiira kamodzi sayamba kujambula, amangodikira, kagetsi kakuphethira, timizere tikuvina bwinobwino ngati zonse zili m'malo. Mpaka udine kachiwiri. Usakhulupirire kagetsi, uyang'ane manambala a nthawi ngati akuyenda. Akuyenda? Ndiye ukujambula. Uyeserere kunyumba usiku uno. Uyambe kujambula oimba asanakwere pa siteji, ndipo usaimitse pakati pa nyimbo, zoyankhula zawo zija ndi mbali ya konsati. Akatsika usazimitse msanga, amatha kubweranso.

Foni uiike pa airplane mode, ikayandikana ndi rekoda nthawi zina imalowetsa kaphokoso kaja ka dit-dit-dit. Ngati rekoda yakanika ndipo watsala ndi foni yokha, jambula ndithu, koma pulogalamu wamba ya mavoisi imapangidwira kuyankhula, imafinya nyimbo. Upeze ina yolola WAV ndi kutsitsa gain.

Makutu ako. Ugule zotsekera m'makutu, ndikunenetsa. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati phokoso la madesibelo 85 munthu angakhalemo maola 8, ndipo likakwera ndi 3 nthawiyo imadulidwa pakati. Pa 100 ndi mphindi 15 zokha, pamene makonsati a rock amafika pamenepo kawirikawiri. Kulira kwa m'makutu kuja ukamagona si chizindikiro choti unasangalala, ndi makutu akuvulala.

Tsopano ukafika kunyumba. Usanachite china chilichonse, kopera fayilo ija malo awiri, ndipo yoyambayo usaikhudze mpaka kalekale. Ugwire ntchito pa kope. Tsegula mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu pa kompyuta, ndi yaulere, ukweze mawu onse pamodzi mpaka nsonga yaitali kwambiri ifike pafupi ndi -1, udule nyimbo iliyonse payokha, malo odula akhale pamene nyimbo yotsatira ikuyamba, kuti munthu akamamvera motsatana pasamveke mpata. Usakongoletse kwambiri. Kenako usunge ngati FLAC. FLAC imachepetsa kukula kwa fayilo pafupifupi ndi theka osataya kalikonse, pamene MP3 imataya zina ndipo sizibwerera. MP3 ungapange ya omvera pa foni, palibe vuto, koma yosunga ndi yogawana ndi ojambula anzako ikhale FLAC. Ndipo usadzatenge MP3 n'kuisandutsa FLAC n'kumati ndi yoyambirira, anthu amazindikira ndipo sadzakukhulupiriranso.

Mnzanga wina anatumiza konsati yonse pa WhatsApp ngati voisi, kenako n'kufufuta yoyambirira kuti apeze malo m'khadi. Ndinali nditamuuza. Yomwe inatsala ndi yofinyika ija basi. Ukafuna kutumiza pamenepo, tumiza ngati document, imafika momwe ilili.

Ulembenso kafayilo kakang'ono ka mawu. Dzina la bandi, holo, mzinda, tsiku molemba chaka, mwezi, kenako tsiku, rekoda yomwe unagwiritsa ntchito, pamene unaima, ndi mndandanda wa nyimbo. Pepala la nyimbo lomwe amamata pansi pa siteji ulijambule chithunzi akamaliza, likuthandiza. Nyimbo yomwe sukuidziwa ulembe kuti sindikuidziwa, usapeke dzina. Pakatha zaka khumi kafayilo kameneka ndi kamene kadzauze munthu chomwe akumvera.

Oimba alandire poyamba, monga unalonjezera. Uwafunse ngati pali nyimbo yatsopano yomwe sakufuna ituluke, akatero uichotse. Akalola, malo abwino ndi Live Music Archive ya pa Internet Archive, inayamba mu 2002, koma kumeneko amalandira mabandi okhawo amene apereka chilolezo, ndiye mwina oimbawo afunika kulemba kaye kuti tavomera. Ukafuna kumva mmene zinthu zosungidwa bwino zimakhalira, ufufuze za bandi ya ku America ya Fugazi, kampani yawo ya Dischord inayamba mu 2011 kutulutsa pa intaneti makonsati awo oposa 800, ina iliyonse ndi tsiku lake ndi malo ake.

Ndabwereranso pa gain paja, pepa, koma ndikufuna ulowe m'holo uli nazo m'mutu. Auto level yozimitsa. Pa phokoso lalikulu, -12. Bandi yaikulu ikamakwera, tsitsanso pang'ono. Manambala a nthawi akuyenda, kenako hold. Usiku uno uike nyimbo mokweza kunyumba, ujambule mphindi imodzi, unditumizire chithunzi cha kasikiriniko ndione pamene timizere tikufika.