Tsiku limene apolisi anabwera kudzawerenga mfuti za agogo

Moni nonse akumudzi amene mukundimvera, kaya muli m'basi popita ku shifiti ya usiku kapena mwangofika kumene kunyumba. Ndikulankhula kuchokera kufupi ndi Birmingham, ndipo nkhani ya lero sindikanatha kugona nayo. Lachiwiri lapitali munthu wina wovala zovala wamba anagogoda pakhomo pamene ndimasamalira agogo ena achizungu, n'kundionetsa chitupa cha kupolisi. Inu amene mukugwira ntchito zosamalira okalamba masiku ano mukudziwa chimene chinayamba kubwera m'mutu mwanga. Mapepala anga ali bwinobwino, komabe ndinazizira nkhongono, mpaka pamene mkuluyo anafotokoza kuti wabwera kudzaona mfuti, popeza chiphaso cha agogo, chimene chimatha pakapita zaka zisanu zilizonse, chayandikira kutha.

Agogowa amasunga mfuti zakale zazing'ono za m'chiuno, zija makolo athu ankazitcha volovolo, zimene akuluakulu a asilikali a Britain ankanyamula pa nkhondo. Bwana wa kampani imene inanditumiza kunyumbayi ankadziwa za ulendo wa apolisiwo chifukwa mwana wa agogo anamuuza kale, koma sanaone chifukwa chondichenjezera. Nditamuimbira foni madzulo anangoseka, kenako anakana kundilipira ola limene ndinapitirira podikira kuti mlendoyo amalize, ati silinali pa ndandanda. Ndi bwana yemweyu amene chaka chatha anandiuza kuti ndizipukuta fumbi paliponse m'nyumbamo, kuphatikizapo m'kati mwa sefa yachitsulo yosungiramo mfuti, ngati kuti sadziwa dziko limene akukhala.

Pamenepa ndiime kaye, chifukwa ena mwa inu mukugwira ntchito m'nyumba za kumafamu kumene mfuti n'zambiri. Abale anga, makiyi a sefa ya mfuti musawagwire, musafunse kumene amabisidwa, ndipo ngakhale mwini wake atakupemphani mokoma mtima kuti mumusungire, mukane. Lamulo la kuno limafuna kuti munthu amene alibe chiphaso asakhale ndi njira yofikira mfutizo, ndipo wopezeka ndi mfuti yoletsedwa amayambira zaka zisanu kundende. Mzungu akatuluka amabwerera kwawo kumene ndi komweko, koma iwe ukatuluka ndege ikukudikira, ana amene unkawalipirira fizi atasiya kale sukulu. Funso loyamba limene wapolisiyo anandifunsa linali lakuti kodi ndikudziwa kumene makiyi amakhala, ndipo ndinamuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti sindidziwa, sindifunanso kudziwa. Analemba zimenezo m'buku lake, ine mtima uli m'malo.

Kukhwima kumeneku kuli ndi chiyambi chake. Mu Marichi 1996 munthu wina analowa pasukulu ya pulayimale ku Dunblane, ku Scotland, n'kupha ana 16 ndi mphunzitsi wawo, ndipo chaka chotsatira boma linaletsa anthu wamba kukhala ndi mfuti zazing'ono. Linangosiya kampata kochepa ka anthu osunga mbiri: mfuti imene inapangidwa chaka cha 1919 chisanafike, imene zipolopolo zake sizipezeka wamba, ingathe kusungidwa kunyumba ndi chiphaso, koma popanda zipolopolo ndiponso osaiwombera. Mu 2021 anakhwimitsanso malamulo a mfuti zamakedzana zimene kale zinkagulidwa popanda chiphaso, ataona kuti zigawenga, zina za kuno ku Birmingham komwe, zinkazigula n'kumapangitsa zipolopolo mobisa. Kunena zoona, mfuti za agogowa zili ndi mapepala ambiri kuposa ine amene ndinalowa m'dziko lino ndi viza.

Pamene sefa inatsegulidwa ine ndinaima chapatali, manja kumbuyo, koma maso anaona zonse. Agogo anatulutsa Webley Mark VI ya mu 1917, imene amaikonda kuposa zonse, ndipo manja awo amene amanjenjemera akagwira supuni anakhazikika. Anakankha kachitsulo ndi chala chachikulu, mfutiyo inatseguka ngati yathyoka pakati, mpope unaloza pansi, ndipo kuchokera pakati pa kamgolo kozungulira ka mabowo 6 kanatuluka kachitsulo konga nyenyezi kamene ntchito yake ndi kukankha makoko onse a zipolopolo nthawi imodzi. Msilikali ali m'matope a ku France sankafunika kuchotsa khoko limodzilimodzi. Mfutiyo imalemera kupitirira pang'ono kilogalamu imodzi, bowo la mpope wake ndi la mainchesi .455, ndipo kunsi kwa chogwirira kuli mphete yomangirapo chingwe chimene ankachikoleka pathupi kuti mfuti isatayike. Wapolisiyo anawerenga nambala, agogo n'kumamusonyeza kachidindo ka muvi kamene boma linkaika pa katundu wake, ndi tizidindo tina tosonyeza kuti mfutiyo inayesedwa isanaperekedwe. Mumzinda uno nyumba yoyesera mfuti yakhalapo kuyambira 1813, ndipo fakitale ya Webley inali pa Weaman Street, m'dera limene mpaka lero limatchedwa Gun Quarter.

Chimene ndaphunzira kwa agogowa m'miyezi imene ndakhala nawo n'chakuti wosunga mfuti weniweni saikwecha. Pomwe utoto wakuda unafufutika chifukwa chotulutsidwa ndi kubwezeredwa m'chikwama chachikopa, iwo amapasiya momwemo, amangopakapo timafuta pang'ono kuti dzimbiri lisagwire, chifukwa amati kufufutikako ndi umboni wakuti mfutiyo inagwiradi ntchito. Akafuna kukwiya amakamba za ku America, kumene mfuti zambiri za Webley zinagulitsidwa motchipa boma litazisiya, ndipo ogulitsa anapala kumbuyo kwa kamgolo kaja kuti zilowe zipolopolo za kumeneko za .45. Yopalidwa yotere mtengo wake umatsika, ndiponso ndi yoopsa, popeza zipolopolozo n'zamphamvu kuposa zimene chitsulocho anachipangira.

Ali nayonso ina ya Enfield No. 2, imene asilikali anayamba kulandira m'zaka za m'ma 1930, ya bowo laling'ono la .38, koma imeneyo inaphedwa, ndiko kuti anaitseka mpope kuti isadzawomberenso. Amaigwira mopanda ulemu, amati boma linangotengera nzeru za Webley n'kukapangira kufakitale yake ku Enfield, mpaka kampani ya Webley inakasuma kufuna kulipidwa. Nkhani imeneyi andiuza kambirimbiri, nthawi zonse mokwiya ngati kuti ndalamazo zinali zawo.

Koma pali pamene ine ndi agogowa timasiyana, ndipo ndinawauza usiku womwewo pamene ndinkawapatsa mankhwala. Webley ija ili ndi faelo yakeyake, mmene muli dzina la kaputeni amene anainyamula, gulu lake la nkhondo, ngakhale chithunzi chake. Ine ndinati, agogo, kwathu mfuti ngati imeneyi inali m'chiuno mwa bwana, ndipo amene ankayenda patsogolo pake ndi mfuti yaitali anali anthu athu. Gulu la King's African Rifles, limene akuluakulu kumudzi amalitcha Keyala, linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyambirira anali a kwathu. Mu Seputembala 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika ku Karonga, ndipo m'zaka zotsatira anthu pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza ufa ndi mabokosi a zipolopolo pothamangitsana ndi mkulu wa asilikali a Germany, von Lettow-Vorbeck, ambiri osabwerera. Pa chipilala cha ku Zomba pali mayina a asilikali, koma wosenza katundu amene anafera m'njira alibe faelo kulikonse. Agogo anga aamuna anamenya nkhondo ku Burma mu 1944, ndipo ndimanyadira zimenezo pamaso pa mzungu aliyense, koma kabuku kawo ka usilikali kanadyedwa ndi chiswe ndipo mendulo yawo ana anaseweretsa mpaka inasowa.

Agogo achizunguwo sanatsutse. Anangoti chitsulo sichisankha mwini, ine ndinati n'zoona, koma amene ankagawa zitsulozo ankasankha. Kenako anandiuza kuti nditapeza nambala ya usilikali ya agogo anga, angathe kundithandiza kulemba makalata ofufuza, chifukwa ntchito yofufuza eni mfuti yawaphunzitsa makomo oyenera kugogoda. Ndatumiza kale uthenga pa WhatsApp kwa malume ku Ntcheu kuti afunse kwa azakhali ngati pali kapepala kalikonse kotsala, ngakhale ka penshoni.

Za chiphasocho, yankho silinabwere, chifukwa masiku ano apolisi amafunanso kalata ya dokotala, ndipo ine amene ndimawerenga mapiritsi a agogowa m'mawa uliwonse ndikudziwa kuti kalatayo ikhoza kuwavuta. Mwana wawo akufuna kuti zonse ziphedwe ngati Enfield ija kuti azikoleke pakhoma, koma iwo akuti kuli bwino zipite kumsika wa okushoni, zikagulidwe ndi wina wachiphaso amene adzasunge Webley pamodzi ndi faelo yake. Pa mkangano umenewu ine ndili mbali ya agogo, ngakhale palibe amene wandifunsa. Loweruka la kumapeto kwa mwezi ndikupita ku Leeds kukaona nyumba yosungira zida ya Royal Armouries, kumene kulowa n'kwaulere, ndipo amene muli kufupi mukafuna kuti tipitire limodzi, mundilembere Lachinayi lisanakwane kuti tigule matikiti a basi asanakwere mtengo.