Fumbi la malasha ndi chipukuta misozi: zimene zinakambidwa pa msonkhano wa sosaite ya maliro ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe

Zikomo a tcheyamani. Azigogo, azibambo ndi azimayi, akumbuyoko mukundimva? Chabwino. Mwandipatsa kanthawi kochepa tisanayambe za zopereka za mwezi uno, ndiye ndisachedwe.

Ndikatchula Wankie, kumene lero timati Hwange, achikulire muno mumakumbukira ngozi ya pa mgodi wa malasha wa Kamandama. Pa 6 June 1972 mgodi wa Number 2 unaphulika n'kupha anthu 427, ena mwa iwo a kwathu ku Malawi, ena a ku Zambia ndi ku Mozambique. Pafupifupi onse anatsalira pansi pomwepo, mgodiwo n'kutsekedwa. Chaka ndi chaka amawakumbukira, ndipo n'zoyenera. Koma malasha amaphanso mwakachetechete, mmodzimmodzi, munthu ali kale pakhomo pake, ndipo amenewa palibe amawawerenga.

Fumbi loopsa si limene limadetsa ovololo. Limenelo limakodwa m'mphuno, mumalimina. Loopsa ndi losaoneka ndi maso, limene limatsika mpaka pansi penipeni pa mapapo. Thupi limayesa kulichotsa, likalephera limalikuta ndi zipsera. Mukudziwa mmene khungu lopsa ndi moto limaumira, osatambasukanso? Mapapo amateronso. Madokotala amati pneumoconiosis. Amene ankaboola mwala wa pamwamba pa malasha anapumanso fumbi la mwala, limene limabweretsa silicosis, nthenda ya a ku migodi ya golide ija. Zipserazi sizichoka, palibe mankhwala ozifafaniza. Ndipo sizionekera msanga. Pamatha zaka 10, 20, mwinanso kuposa, ndipo zimatha kukula munthu atasiya kale ntchito.

Ndiye mupeza bambo amene ankanyamula thumba la simenti yekha, lero akamakwera masitepe a nyumba zosanja za ku Matapi akuima pakati, dzanja pakhoma, befu. Usiku sagona chagada, amatsamira mapilo. M'mawa akutsokomola makhololo, nthawi zina akuda. Kunyumba ayamba kale kunong'onezana kuti anamulodza ndi achimwene ake chifukwa cha penshoni. Ayi mayi, ndi fumbi.

Apa mvetserani bwino. Nthendayi imafanana kwambiri ndi chifuwa chachikulu, ngakhale pa chithunzi cha ekisire. Munthu amatha kumwa mankhwala a TB miyezi 6, n'kumaliza, kubanika kuli pomwepo. Komanso mapapo a fumbi sachedwa kugwidwa TB yeniyeniyo, choncho zonse ziwiri zimatha kukhalira pamodzi. Mukapita ku kiliniki, musangoti "ndikutsokomola". Nenani kuti ndinagwira kumgodi wakuti, pansi, zaka zakuti. Nesi sangalote zimenezo. Pemphani kujambulidwa m'chifuwa, pemphaninso kuyezedwa kwa mpweya kuja kumene mumauzira m'chipangizo.

Tsopano malamulo. Dziko lino lili ndi Pneumoconiosis Act, imene imati wogwira ntchito ya m'fumbi ayezedwe asanalembedwe, apatsidwe satifiketi, ndipo aziyezedwanso pakapita nthawi. Palinso thumba la chipukuta misozi cha ovulala ndi odwala chifukwa cha ntchito, limene linakhazikitsidwa ndi Statutory Instrument 68 ya 1990 ndipo limayendetsedwa ndi NSSA, bungwe loona za penshoni ndi chitetezo cha ogwira ntchito. M'thumba limeneli amasonkha ndi olemba ntchito okha, inu sakudulani kanthu. Musalisokoneze ndi penshoni ya ukalamba ya NSSA kapena ya Mining Industry Pension Fund. Zimenezo ndi ndalama zina. Ena amati "ndinalandira kale" pamene analandira penshoni chabe. Madokotala akatsimikiza kuti nthendayo ndi ya kuntchito, thumbali limalipira chithandizo chakuchipatala. Wolumala pang'ono amapatsidwa ndalama kamodzi, wolumala kwambiri amalandira mwezi ndi mwezi, ndipo akamwalira nayo nthendayo, mayi ndi ana aang'ono ali ndi gawo lawo.

Papepala n'zokoma. Povuta ndi umboni. Nthenda yobwera patatha zaka 20 imapeza kapitawo anamwalira, kampani inasintha dzina, kontrakitala anasowa. Chotsala ndi mapepala anu. Kafufuzeni m'masutikesi aja a pansi pa bedi: mapepala a malipiro ngakhale ofiira ndi ukalamba, nambala ya kumgodi, kalata yolembedwera ntchito, kalata yopumira, makhadi a kuchipatala cha kumgodi. Ana inu, ajambuleni pa foni lero. Amayi amene mukudwazika, zikadzavuta muonetsetse kuti dokotala wolemba chimene chapha munthu akudziwa za kumgodi, chifukwa mawu a pa satifiketi ya imfa ndi amene adzakuyankhulireni ku ofesi.

Ife tili ndi vuto lathu lapadera, la mayina. Agogo anachoka ku Dedza ali ndi dzina lina, mlembi wa kumgodi analemba lina mmene analimvera, pa chitupa pali lachitatu, pamwamba pake n'kulembanso kuti alien, kutanthauza mlendo. Konzani zimenezi munthu akadali moyo. Gawo 43 la malamulo aakulu a 2013 limati wobadwira muno lamulolo lisanatuluke, kholo lake lili la dziko la mu SADC, ndipo iye mwini ankakhala muno panthawiyo, ndi nzika yobadwa.

Bambo akufunsa za ndalama za Wenela, bungwe lija linkatengera anthu ku migodi ya ku Joni. Zikomo, funso labwino. Ndalama zimenezo ndi za Tshiamiso Trust, imene inabadwa pa mgwirizano wa R5 biliyoni umene khoti la ku South Africa linavomereza mu 2019, koma ndi ya a m'migodi ina ya golide ya ku Joni, odwala silicosis ndi TB, amene anagwira pakati pa 1965 ndi 2019. A malasha mulibemo. A malasha a ku South Africa mlandu wawo unakasumidwa mu 2023, mothandizidwa ndi mabishopu a Katolika a kumeneko, koma umenewo ndi wa migodi ya kumeneko. Wa ku Hwange njira yake ndi NSSA. Ndipo akabwera munthu ndi fomu n'kumati perekani $20 ndikulembetseni ku Tshiamiso, m'thamangitseni, kulembetsako n'kwaulere.

Nanga boma? Apa ndiyankhula mosapsatira. Boma ndi limene limatumiza oyendera migodi kukayeza fumbi. NSSA, imene imagamula kuti wadwala ndi ntchito kapena ayi, ndi bungwe la boma. Boma lomwelo kwa zaka zambiri ndi limene lakhala ndi masheya ochuluka kuposa wina aliyense mu kampani ya Hwange Colliery. Mwini mgodi, woyendera mgodi, wolipira odwala, onse a nyumba imodzi. Sindikuti ndiye kuti amabera, koma zikatero sitingangokhulupirira, tiyenera kufunsa. Mu 2018 amayi a ku Hwange anagona panja pa maofesi a kampaniyo miyezi ndithu, kufuna malipiro a amuna awo. Ngati malipiro a munthu amene akadali pantchito anafika pamenepo, kuli bwanji wodwala amene ali kuno ku Mufakose? Onjezanipo za kugwa mphamvu kwa ndalama yathu. Amene ankalandira mwezi ndi mwezi anaona mmene 2008 inawasiyira manja lende, 2019 n'kubwerezanso. Penshoni ya wodwala mapapo ikamalephera kugula inhela imodzi yothandiza kupuma, chimenecho sichipukutanso misozi. Pakali pano malasha akukumbidwa kwambiri, mayuniti 7 ndi 8 a magetsi ku Hwange anatsegulidwa mu 2023, ndipo anyamata athu akupita kumeneko kwa makontrakitala. Kodi onse akuyezedwa? Analembetsedwa ku NSSA?

Malamulo omwewo a 2013 anatipatsa pogwira. Gawo 65 limanena za ntchito yotetezeka, gawo 62 limatilola kufunsa boma zimene likusunga, gawo 149 limatilola kulembera Nyumba ya Malamulo dandaulo. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka, choncho tikhoza kulemba m'chathu chomwechi. Tifunse kuti a m'migodi ya malasha amene anapezeka ndi nthendayi ndi angati, analipidwa angati, ndipo amene anapuma kale angakayezedwe kuti popanda kulipira.

Tikamatuluka, a sekilitale akhala pakhomopo ndi kope. Amene munagwirako ku Hwange, kapena muli ndi wodwala kunyumba, kapena ndinu amasiye a wa kumgodi, lembetsani dzina, mgodi ndi zaka. Sabata yamawa mubwere ndi mapepala aja tidzawaone pamodzi, kenako tilembe kalata imodzi ya tonse. A tcheyamani, ndabweza.