Mmisiri akalakwitsa powonjezera nyumba: zoyenera kuchita pulasitala asanabise vutolo

(Kamera ikuwonetsa khoma, pamalo pomwe chipinda chatsopano chakumana ndi nyumba yakale.)

Taonani mng'alu uwu. Wayambira pansi pa denga n'kutsika mowongoka mpaka pansi, ndipo kumtundaku munthu akhoza kulowetsamo chala. Nyumbayi ndi ya mayi anga kuno ku Mangochi. Mbali yakumanzereyi ndi yakale, pamene zipinda ziwiri zakumanjazi tinachita kuwonjezera, ndipo mng'aluwu unaonekera mvula yoyamba itangodutsa, utoto usanayambe n'komwe kufwifwa.

Chomwe chinachitika n'chosavuta kumvetsa. Nyumba yakale inakhazikika kalekale, chifukwa dothi lomwe lili pansi pake lakhala likupsinjika kwa zaka zambiri. Mbali yatsopano ndiyo imayamba kumene kukhazikika, ndipo ngati maziko ake ndi osaya kapena akhala pa dothi lochita kuthira, imatitimira pang'ono n'kudzipatula ku inzake. Amisiri odziwa ntchito amakumba maziko atsopano mpaka atapeza dothi lolimba, osachepera kuya kwa maziko akale. Pokumaniza makoma amachita chimodzi mwa ziwiri: amalowetsa njerwa zatsopano m'khoma lakale ngati mano n'kumangirira ndi waya, kapena amasiya dala kampata kowongoka kuti mbali ziwirizo zizisuntha popanda kung'ambana. Mmisiri wathu sanachite chilichonse mwa izi. Anangogundanitsa makoma, n'kumata pulasitala pamwamba, ife n'kumulipira ndalama zonse tikumwetulira.

Mwini nyumba amakhala ndi mawu pa nthawi ziwiri zokha: pamene ntchito yolakwikayo isanaphimbidwe, ndi pamene ndalama zina zikadali m'thumba mwake. Ife tinataya nthawi zonse ziwirizi, ndiye chifukwa chake ndaona kuti nkhaniyi ndiifotokoze.

Choyamba n'kudziwa kukula kwa cholakwikacho, chifukwa si cholakwika chilichonse chomwe chimafuna kugumula. Utoto wosafanana, tailosi imodzi yopendekera kapena pulasitala wa mabampu zimawawa m'maso, koma zikhoza kukonzedwa pamapeto kapena kuchotsera pa mtengo. Zina ndiye zimakhudza moyo wa nyumba: maziko osaya, pepala lapulasitiki lotchinga chinyontho lomwe laiwalika pansi pa khoma, ring'i bimu (lamba wa konkire wozungulira makoma chakumtunda) yopanda zitsulo zokwanira kapena yosalumikizana m'makona, khoma lakale lomwe labooledwa kuti pakhale khomo popanda kuika chonyamula njerwa zapamwamba, ndi denga losamangirira. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, ntchito iime tsiku lomwelo, ngakhale simenti itakandidwa kale. Kutaya thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 n'kotchipa kusiyana ndi kudzagumula khoma lomwe lasenza kale denga.

Kuno kunyanja tili ndi mavuto athu omwe mmisiri wothamangira kumaliza amakonda kuwanyalanyaza. Kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumaumitsa konkire msanga, pamene konkire imafuna chinyezi kuti ilimbe. Iyenera kuthiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake yoyembekezeka imafika pakatha masiku 28. Mukamva mmisiri akunena kuti "yauma kale, bwana, mawa tichotsa matabwa," dziwani kuti kuuma ndi kulimba n'zosiyana. Palinso mphepo. Mwera ukamawomba, kapena mkuntho wa mvula zoyamba ukafika, denga lomwe langokhomeredwa ndi misomali pamwamba pa khoma limatha kunyamuka lonse ngati chivindikiro cha poto. Mawaya omangirira mitanda ayenera kulowa m'khoma kapena mu ring'i bimu pomanga pomwepo, osati kuwakumbukira malata atakwera kale. Nacho chiswe sichichedwa kupeza matabwa osapaka mankhwala.

(Kamera ikuwonetsa tepi yoyezera, levulo, chingwe, msomali ndi paipi yowonekera yothiramo madzi.)

Simufunika kukhala mmisiri kuti muyeze ntchito. Kuti mudziwe ngati kona yakhala bwino, yezani masentimita 60 pa khoma limodzi kuchokera pakona, ndi masentimita 80 pa khoma linalo. Mtunda wapakati pa zizindikiro ziwirizo uyenera kukhala masentimita 100. Ukapitirira kapena kuperewera, chipindacho ndi chokhota, ndipo woyala matailosi ndi wokhoma siling'i adzavutika nacho. Paipi yowonekerayi, mukaithira madzi n'kukweza mbali zonse ziwiri, imakuwonetsani ngati pansi pa chipinda chatsopano pakufanana ndi pakale. Pakatsika, madzi osesera ndi amvula adzakhala akuthamangira komweko. Msomali ndi wokandira matope omangira pakati pa njerwa patatha masiku angapo. Akamayoyoka ngati mchenga wa m'mbali mwa nyanja, simenti inachepa, ndipo funso lotsatira ndi loti matumba omwe munagula anapita kuti. Konkire wamba wa nyumba nthawi zambiri amasakaniza muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale, ndipo muyeso wake uyenera kukhala chidebe chimodzimodzi, osati kuyerekeza ndi fosholo.

Musanayankhule ndi aliyense, jambulani. Ikani tepi kapena levulo pamalo polakwikapo kuti chithunzi chiwonetse muyeso, ndipo foni idzasunga yokha tsiku lake.

Mayankhulidwe ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Mmisiri amene mwamukalipira pamaso pa anyamata ake sangavomere kulakwa, chifukwa akavomera ulemu wake watha pa malowo, ndipo mawa lake mupeza watenga zida zake usiku. N'kwabwino kumuitanira pambali n'kunena kuti, "Bambo, tabwerani tiyeze limodzi apa, mwina ndi maso angawa." Tepi ikayankhula, inu simufunikanso kukweza mawu. Mufunseni kuti iye akuganiza zokonza bwanji, chifukwa yankho lake limakuuzani zambiri. Wonena kuti "tigumule mizere itatuyi timangenso" ndi munthu woti mukhoza kupitiriza naye. Wonena kuti "zibisika ndi pulasitala" wakuuzani kale momwe wagwirira ntchito m'malo ena omwe simunaone.

Vuto likakhala la maziko, zitsulo kapena denga, itanani munthu wachitatu wodziwa zomangamanga, makamaka injiniya kapena folomani wodziwika yemwe sakufuna kulanda ntchitoyo. Mfundo yomalizayi njofunika, pakuti mmisiri amene akufuna ntchito ya mnzake amaona zolakwika ngakhale pomwe palibe.

Zomwe mwagwirizana zilembedwe, ngakhale mu kope la sukulu: cholakwika n'chiyani, chikonzedwa motani, pofika tsiku liti, ndipo simenti ndi njerwa zowonjezera agula ndani. Nonse musainire, pakhalenso mboni. Mwa chilungamo, kulakwitsa kwa mmisiri kumakonzedwa popanda kumulipiranso, ndipo zipangizo zomwe waononga zimachotsedwa pa malipiro ake. Komatu zimenezi zimatheka pokhapokha ngati pali malipiro otsala. N'chifukwa chake ndalama ziyenera kutuluka m'zigawo, maziko akatha, khoma likafika pa mawindo, ring'i bimu ikathiridwa, denga likakwera, ndipo chigawo chilichonse chiyezedwe kaye. M'makontilakiti akuluakulu mwini ntchito amasunga 5 kapena 10 peresenti kwa miyezi 6 kapena 12 ntchito itatha, kuti zolakwika zobisika zituluke. Palibe choletsa kuchita chimodzimodzi pa nyumba ya banja, ndipo kuno muyeso wabwino ndi nyengo imodzi yamvula. Polipira gwiritsani ntchito Airtel Money, Mpamba kapena banki kuti pakhale umboni, ndipo mukapereka pamanja, alembe ndi kusainira.

Tisaiwale kuti nthawi zina wolakwa ndi mwini nyumba. Timasintha pulani pakamwa khoma lili pakati, timagula malata opyapyala a geji 32 pomwe tinagwirizana a geji 28, timachepetsa matumba a simenti kuti ndalama zikwanire, kenako n'kumaloza chala mmisiri. Nyumba zambiri za m'boma lino zikumangidwa ndi ndalama zochokera ku Joni, mwini wake akuyang'anira ntchito pa WhatsApp. Chithunzi cha khoma lopakidwa bwino sichiwonetsa zitsulo zomwe zili mkati. Ngati muli kutali, pemphani zithunzi za ngalande ya maziko tepi ili momwemo, ndi za zitsulo konkire asanathire, ndipo wachibale wolandira ndalama asakhale yemweyo wovomereza kuti ntchito yatha.

Mmisiri akakana kapena kuthawa, musathamangire kuika wina kuti aphimbe, chifukwa mukatero mwafufuta umboni. Wachitatu uja alembe kaye zomwe wapeza ndi mtengo wokonzera. Kenako lembani kalata yopereka masiku oti abwere adzakonze. Ngati ndi mmisiri wa m'mudzi, kwa amfumu nkhani zambiri zotere zimatha, chifukwa munthu safuna kutaya mbiri komwe amapezako ntchito. Zikakanika, khoti la majisitileti limaweruza milandu ya ndalama, ndipo pamenepo kope lija, zithunzi ndi mauthenga a malipiro ndizo zidzakuyankhulireni. Ngati ndi kampani, fufuzani ngati inalembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga lomwe ambiri timalidziwa kuti NCIC, n'kukasiyako dandaulo. Pa zamagetsi, wolumikiza mawaya akhale ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira zamagetsi ndi mafuta, ndipo mawaya ayesedwe siling'i isanatsekedwe. Kwa okhala m'tawuni, pulani yowonjezera nyumba imayenera kuvomerezedwa ndi khonsolo ntchito isanayambe. Popanda zimenezo, dandaulo lanu likhoza kukutembenukirani.

(Kamera ibwerera pa mng'alu uja, pomwe pali timizere ta pensulo ndi masiku olembedwa pambali.)

Pa khoma ili sitinathamangire kumata, chifukwa mng'alu womwe ukusunthabe umang'amba simenti yatsopano. Injiniya anatiuza kuti tilembe timizere mbali zonse ziwiri n'kumayeza mwezi uliwonse. Titaona kuti ukukulabe, anatilangiza kukumba pansi pa maziko atsopanowo pang'onopang'ono, kachigawo kamodzi pa nthawi, n'kuthiramo konkire, kudikira kuti ilimbe tisanakumbe kachigawo kena. Mmisiri uja tinakumana naye kwa amfumu, ndipo anavomera kugwira ntchitoyo popanda malipiro, koma simenti, kwale ndi zitsulo tinagulanso tokha, popeza tinalibe ndalama yake yomwe tinasunga. Timizere iti mukuonati sitinasunthe chichokereni mvula yathayi. Tidikira kuti mvula ikubwerayi idutsenso, ndipo pokhapo m'pamene tidzatseke mpatawu ndi phala lofewa lomwe limalola makoma kusuntha, osati ndi pulasitala.