"Aa, ndanama, ndi Lachinayi": kudzikonza polankhula

Moni nonse. Tamverani chiganizo ichi: "Msonkhano uli Lachitatu... aa, ndanama, ndi Lachinayi."

Mwamva? Palibe amene wamudzudzula munthuyu. Khutu lake lomwe ndi limene lagwira cholakwikacho, pakamwa n'kubwerera m'mbuyo. Kumeneku ndiye kudzikonza komwe tikukamba lero, osati kuja kwa pagalasi ndi chipeso ayi. Ndipo "ndanama" ameneyu si wa bodza. Akungotanthauza kuti lilime linaterereka.

Timachita zimenezi tsiku lonse osazindikira. Mayi akamaitana mwana amayamba watchula mayina a ana onse m'nyumbamo, loyenera n'kubwera pomaliza. Ena amati "kapena nditi", ena "pepani, ndimati".

Koma chokoma kwambiri chili kwa womvetsera. Mu 1977 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa akatswiri atatu a ku America, Emanuel Schegloff, Gail Jefferson ndi Harvey Sacks, amene ankamvetsera macheza a anthu ojambulidwa pa tepi. Anapeza kuti munthu akalakwitsa, mnzake kawirikawiri sathamangira kumukonza. Amayamba wadikira pang'ono, kapena amafunsa kafunso kongomukodola, kuti mwiniwake akonze yekha.

Ifetu zimenezi timazidziwa bwino. Tiyerekeze kuti apongozi anu atchula tsiku lolakwika la chinkhoswe, anthu ali tcheru pakhonde. Mungayerekeze kunena kuti "mwalakwitsa"? Mungaone zakuda. Mumatsitsa mawu n'kufunsa kuti, "Mwati Loweruka likubwerali, bambo?" Iwo amakhala kaye chete, kenako, "Aa, iyayi, la sabata yamawa." Tsiku lakonzedwa, ulemu wawo uli pomwepo, ndipo mawu omaliza akhala awo.

Mphunzitsi wabwino amateronso. Mwana akaphonya liwu powerenga, samulanda pakamwa. Amangoloza ndi chala n'kudikira. Kwa ine kudikirako ndiye luso, ndipo ambirife kumativuta.

Pafoni napo zilipo. Kale ukalemba molakwika pa WhatsApp unkatumiza uthenga wachiwiri, kanyenyezi patsogolo, kenako liwu lolondola. Kuyambira 2023 ukhoza kukonza uthenga womwewo, bola pasanathe mphindi 15. Kungoti pamatsala kalemba kosonyeza kuti wasinthidwa, ndiye gulu lonse limadziwa ndithu kuti panali kena kake.