Achemwali, sindinanene kuti ndili ndi khansa

Achemwali, mwaswera bwanji? Ndangoweruka kumene, ndiye pepani mawu atopa. Nkhani ndi ija mwaika pa gulupu ya banja, yoti ndili ndi khansa. Amalume aimba kale akulira, ati amva kuti ndili kayakaya ku Leeds kuno. Ine ndili bwinobwino, ndikudya, ndikugwira ntchito.

Chimene anapeza m'magazi mwanga ndi jini yolakwika, dzina lake BRCA2 (jini ndi kachidutswa ka malangizo a thupi kamene timatengera kwa makolo). Anandifotokozera chonchi: DNA, ulusi wosunga malangizowo m'maselo mwathumu, imaduka kawirikawiri, ndiye jini imeneyi imapanga puloteni yolumikiza podukapo, ngati telala wosoka pong'ambika. Aliyense ali nazo ziwiri, ya kwa mayi ndi ya kwa bambo. Ine imodzi ndinabadwa nayo yakufa kale, inayo ndiye ikugwira ntchito yokha. Nayonso ikawonongeka, ngakhale mu selo limodzi lokha la m'bere, zolakwika zimayamba kuunjikana, selo lija n'kumangochulukana osaleka. Khansa imayambira pamenepo. Kuno amati mayi mmodzi mwa 7 aliwonse amadwala ya m'mawere, koma ife a jini imeneyi ndi pafupifupi theka kapena kuposerapo. Si tonse, mwamva?

Ndiye zija ankanena pa maliro a mayi aang'ono, kuti khansa yawo ija anachita kulodzedwa, zitheretu. Ndi za kumtundu. Agogo aja mpaka anasiya kupita kuchigayo chifukwa cholozedwa zala, zimandiwawabe.

Kodi mango apsa? Kuno limodzi lokha mtengo wake mungakomoke, kukoma kwake n'kosayamba n'komwe.

Eya, ndimati chiyani? Ngati jini ija inachokera kwa amayi, mwana wawo aliyense ndi theka-theka, mwina watengera mwina ayi. Achimwene asamaseke kuti n'za azimayi. Amuna imatha kuwapatsa khansa ya prostate (kachiwalo ka pansi pa chikhodzodzo), ena ya m'bere momwe, komanso angapatsire ana awo. Ndipo musasokoneze ndi ya khomo la chiberekero ija munakayezetsa, imeneyo imabwera ndi kachilombo ka HPV, n'zosiyana. Yathuyi imagwira mawere ndi mosungira mazira.

Zochotsa mawere ngati Angelina Jolie wa mafilimu uja mu 2013 sindinafikeko, panopa azingondiunika ndi makina a MRI chaka chilichonse. Koma inu, kachotupa mumati kali kukhwapa kaja, musakadikire kuti kayambe kupweteka. Ndatumiza ya thiransipoti, pitani ku chipatala cha Central Lolemba lomweli, mukawauze za mayi aang'ono ndi zangazi. Ndalamayo isathere feteleza, chonde.