Makalata a Omvera: Chamba ndi Midoli M'magombe Mwathu

Takulandiraninso, omvera athu a kuno ku Mangochi. Sabata ino makalata achuluka, ndipo ambiri akulira chinthu chimodzi: chamba ndi mowa pakati pa ana athu.

Ndiyambe ndi ya mayi wina wa kwa Nankumba, amene apempha tisawatchule dzina. Akuti: "Mwana wanga wa zaka 15 anasiyira sukulu mu Sitandade 7 n'kuyamba kutsatira anyamata a chilimira usiku. Akamabwera m'mawa maso ali psuu, ndalama ya usipa sitiiona. Akuti popanda kusuta sangapirire mphepo ya panyanja. Kwathu kuno kuli komiti ya mafumu, masheikh ndi abusa yolimbana ndi zimenezi. Atamugwira anamukwapula n'kumulamula kulipira nkhuku. Nkhukuyo ndinapereka ndine. Ndilowere kuti?"

Mayi, pepani. Mawu oti nkhuku munapereka ndinu andikhudza kwambiri, chifukwa chilango chagwera munthu amene akulira kale.

Komiti yanuyo ndiyiyamikire kaye. Shehe ndi m'busa kukhala pa mphasa imodzi chifukwa cha mwana wa mnzawo si chinthu chochepa. Koma akuluakulu anga, ndikufunseni mwaulemu: pa mphasa imeneyo mwini chilimira alipo? A komiti ya pagombe, a BVC, munawaitana? Mwana wa zaka 15 sakwera yekha bwato usiku. Pali amene amamulemba ganyu, amamuona akuyatsa ndudu pambali pa nyali za usipa, n'kungoyang'ana kumbali poti ntchito ikuyenda. Wogulitsayonso simukumusowa, ngakhale mwana woyamba kumene sukulu angakulozereni khomo lake. Chikoti chikugwera wosuta yekha bwanji? Gwirizanani ndi a BVC kuti bwato lonyamula mwana wa sukulu lisachoke pagombe, ndipo wogulitsa mukamunene kupolisi limodzi ngati gulu, kuti pasapezeke mmodzi wolozedwa chala. Achinyamata nawonso apatseni mipando mu komitimo. Amadziwa zimene inu mumamva mochedwa.

Inuyo mayi, musadikire msonkhano. Pitani kwa aphunzitsi aakulu pamodzi ndi amayi a mother group mukakambirane zoti abwerere m'kalasi. Akayamba kuyankhula yekha, kusagona kapena ndewu zosadziwika bwino, musamumange zingwe. Mutengereni kuchipatala cha boma mukafunse anamwino oona za matenda a maganizo. Zikakula amatumiza ku Zomba Mental Hospital, ndipo kumeneko si kotaya munthu ayi.

Bambo wina wa ku Namwera akufunsa ngati n'zoona kuti boma linaloleza chamba. Bambo, lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chiphaso. Chosuta chija chikadali mlandu.

Mnyamata wa kabaza pa boma akuti tisamawaike onse m'gulu la oledzera. Wanena zoona achimwene, ambiri mukudyetsa mabanja ndi njingazo. Koma mnzako akayamba kuona milatho iwiri pa Shire pomwe ulipo umodzi, mulande kiyi!

Tsono pali dandaulo limene labwera kuchokera ku Malindi, ku Chimwala ndi ku Monkey Bay, lonena za midoli. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma unangosintha chovala n'kubwerera m'timabotolo totsika mtengo, toti mwana amabisa m'thumba la yunifolomu. Apa ndiyankhule ndi makolo anzanga. Timatuma mwana kukatigulira kachasu madzulo, mawa lake tikudabwa kuti njira waidziwa bwanji. Bambo ali ku Joni akutumiza ndalama pafoni ya mnyamata, osafunsa kuti zathera kuti. Malume, amene kwathu kuno mawu awo amalemera pa mwana wa mlongo wawo, angoti zii. Komiti singalowe m'nyumba iliyonse. Nanunso a magolosale, kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18 n'kuphwanya lamulo, ngakhale atanena kuti atumidwa.

Atsikana a ku Makanjira akupempha mpira wa manja kuti gulu lawo lizikhala ndi chochita Loweruka. Pempho lanu lamveka pa wailesi, amene angathandize atilembere.

Kalata ya aphunzitsi a ku Katuli ndi yaitali, tidzayamba nayo sabata yamawa.