Kutenthetsa nyumba ku England: gasi, magetsi ndi mtengo wake

Ndikupatsani moni nonse amene mukumvetsera, makamaka abale anga a ku Bembeke, ku Lizulu, ku Tsangano ndi pa boma la Dedza. Ndikulankhula nanu kuchokera mu mzinda wa Leeds, kumpoto kwa England, kumene mwezi wa Okutobala ukupita kumapeto ndipo aliyense ali kalikiliki kukonzekera nyengo yozizira. Lero ndifotokoza njira zotenthetsera nyumba zimene zili kuno ndi ndalama zimene njira iliyonse imadya, chifukwa achinyamata amene akukonzekera kubwera kudzagwira ntchito kapena kudzaphunzira amandifunsa kawirikawiri za lendi ndi chakudya, koma nkhani iyi saifunsa.

Ife a ku Dedza timati chisanu timachidziwa, ndipo sitinama, pakuti tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julayi zala zimakanika kugwira khasu. Komabe chisanu cha kwathu chimachepa dzuwa likakwera; munthu amatuluka kukaothera dzuwa pakhonde, madzulo n'kusendera pa mbaula. Kuno kuzizira kumayamba mu Okutobala mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, masiku ambiri lisanaoneke n'komwe. Kothawira kulibe, choncho chimene chiyenera kutenthetsedwa ndi nyumba yeniyeniyo. A zaumoyo amalangiza kuti kutentha kwa m'chipinda kusatsike pa madigiri 18, makamaka pamene pali ana aang'ono, okalamba kapena odwala.

Nyumba zambiri za kuno zimatenthetsedwa ndi gasi amene amabwera m'mapaipi apansi. Gasiyo amayaka mu boila, kamakina kamene kamakhala pakhoma, n'kutenthetsa madzi, ndipo madziwo amazungulira m'mapaipi kupita m'marediyeta, zitsulo zotulutsa kutentha zimene zimakhala m'chipinda chilichonse. Pa njira zonse zimene munthu wochita lendi angazipeze, iyi ndiyo yotsika mtengo, ndipo chifukwa chake chimaoneka pa mtengo wa yuniti. Bungwe la boma loyang'anira mitengo ya mphamvu, Ofgem, limaika malire a mtengo umenewu miyezi itatu iliyonse. Kuyambira Okutobala 2025, yuniti imodzi ya gasi inali pa mapensi pafupifupi 6, pamene yuniti ya magetsi inali pa mapensi pafupifupi 26 (paundi imodzi ndi mapensi 100). Ndiye kuti kutentha komweko ukakupeza ndi magetsi, umalipira kuwirikiza kanayi.

Pamenepa pali chinthu chimene chimasokoneza alendo ambiri. Pa wailesi analengeza kuti malire a nyengoyo ndi mapaundi 1,755 pa chaka, ndipo ena amamva ngati bilu yawo singadutse pamenepo. Si choncho ayi. Chiwerengerocho ndi cha banja logwiritsa ntchito mphamvu mwapakatikati. Malire ali pa mtengo wa yuniti, ndipo amene wagwiritsa ntchito zambiri amalipiranso zambiri. Kuwonjezera apo pali ndalama imene umalipira tsiku lililonse chifukwa chongolumikizidwa, ngakhale usayatse kanthu, ndipo ya gasi ndi ya magetsi pamodzi imapitirira mapaundi 25 pa mwezi. Kwa amene ali ndi mita yolipiriratu, yofanana ndi imene mumagulira mayunitsi a ESCOM, ndalama imeneyi imadulidwabe ngakhale m'miyezi yotentha, kotero kuti munthu amene anasiya kuika ndalama mu mita ya gasi mu Meyi amapeza ngongole ikumudikira mu Okutobala. Mitengo yonseyi inakwera kwambiri mu 2022, Russia italowa nkhondo ndi Ukraine, mpaka boma linachita kulowererapo, ndipo sinabwerere pamene inali kale.

Tsopano ndinene za hita ya magetsi, imene ndi msampha waukulu kwa mlendo. M'sitolo imagulitsidwa motchipa, munthu amangoinyamula, n'kuilumikiza kukhoma, ndipo mphindi zochepa chipinda chafunda. Koma tiyeni tiwerenge. Hita wamba imadya mayunitsi awiri pa ola, amene pa mtengo wa mu Okutobala 2025 uja ndi mapensi 52. Mukaiyatsa maola asanu pa tsiku, pakutha pa mwezi mwalipira mapaundi pafupifupi 78, ndipo mwafunditsa chipinda chimodzi chokha. Kutentha komweko kochokera ku gasi sikungafike ngakhale mapaundi 25. Ine ndimaona kuti hita yotere ndi yoyenera pa nthawi yochepa basi, mwachitsanzo boila ikawonongeka pamene mukudikira mmisiri. Ngati cholinga ndi kufunda pogona, bulangete la magetsi ndi labwino kwambiri, chifukwa limadya mapensi ochepa pa ola, ndipo botolo la madzi otentha limangofuna ketulo imodzi.

M'nyumba zosanjikizana zambiri mulibe gasi, ndipo mumakhala mahita osunga kutentha. M'kati mwake muli njerwa zimene zimatenthetsedwa usiku, pa maola asanu ndi awiri amene magetsi amatsika mtengo pa dongosolo lotchedwa Economy 7, kenako zimatulutsa kutenthako pang'onopang'ono masana, monga mmene mafuwa amakhalira otentha moto utazima kale. Nzeru yake ndi yabwino, koma kwa ife ambiri amene timagwira ntchito ya maola ataliatali m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ili ndi vuto lake: kutentha kumatuluka pamene m'nyumba mulibe munthu, ndipo pofika madzulo mahita akalekale amakhala atazirala. Munthu amayamba kuyatsa hita ina pa mtengo wa masana, umene pa dongosolo limeneli ndi wokwera kuposa wa masiku onse. Amene akulowa m'nyumba yotere aphunzire msanga kutseka kotulukira kutentha m'mawa ndi kutsegula akabwerako.

Njira zina ndingozitchula mwachidule, popeza sizili m'manja mwa wochita lendi. Kumidzi kumene mapaipi a gasi sanafike, anthu amagula mafuta n'kudzaza thanki kuseri kwa nyumba, ndipo mtengo wake sutetezedwa ndi malire a Ofgem. Palinso makina atsopano otchedwa heat pump, amene amakoka kutentha mu mpweya wa panja ndipo pa yuniti imodzi ya magetsi amapereka kutentha kwa mayunitsi pafupifupi atatu. Boma limathandiza eni nyumba ndi mapaundi 7,500 kuti aike makinawa, koma chisankho ndi cha mwini nyumba.

Za nkhuni ndi makala ndikupemphani mumvetsere bwino. Mizinda yambiri ili ndi malamulo oletsa utsi, amene anayamba ndi lamulo la 1956, utsi wa malasha utapha anthu zikwizikwi ku London mu 1952. Koma chimene chimandidetsa nkhawa kuposa lamulo ndi moyo. Nyumba za kuno ndi zotsekeka kwambiri, mpweya sulowa m'mipata monga kwathu, ndipo kulowetsa makala oyaka m'chipinda, kapena kuyatsa chitofu cha gasi n'cholinga chofunda, kumadzaza nyumba ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo. Ngakhale kwathu komweko tinamvapo za anthu amene anagona ndi mbaula m'nyumba osadzukanso. Kuno lamulo limalamula mwini nyumba kuti chaka chilichonse aitane mmisiri wovomerezeka kudzayendera boila ndi kukupatsani chikalata chake, komanso kuika kachipangizo kochenjeza za mpweyawo. Muli ndi ufulu wofunsa zimenezi.

Ena amati njira yosungira ndalama ndi kusayatsa chilichonse, kungovala majuzi atatu. Ndikumvetsa chimene chimawachititsa, koma nyumba yozizira imene mukuphikiramo, kusambiramo ndi kuyanikamo zovala imagwira chinyontho, makoma n'kuchita chuku chakuda chimene chimawononga mapapo. Mu 2020 mwana wa zaka ziwiri anamwalira ku Rochdale chifukwa cha chuku cha m'nyumba, ndipo imfa yake inachititsa kuti malamulo asinthidwe. Kuyatsa pang'ono m'mawa ndi madzulo, ndi kutsegula windo kwa mphindi zochepa mukatha kuphika, n'kofunika.

Malangizo anga kwa amene akufunafuna nyumba ndi akuti asayang'ane lendi yokha. Nyumba iliyonse yochititsa lendi ili ndi chikalata chotchedwa EPC, chimene chimaonetsa mmene imasungira kutentha, kuyambira A mpaka G, ndipo lamulo silivomereza kuchititsa lendi nyumba yotsika pa E, kupatula zochepa zimene zinapatsidwa chilolezo. Nyumba ya lendi yotsika yokhala ndi mawindo a galasi limodzi ndi mahita a magetsi ikhoza kukudyerani zambiri kuposa ya lendi yokwererapo yokhala ndi gasi. Musadalirenso thandizo la boma la mapaundi 150 lotchedwa Warm Home Discount, chifukwa kwenikweni limapita kwa olandira chithandizo cha boma, chimene ambiri a ife ziphaso zathu sizitilola kulandira.

Kwa inu makolo ndi abale kumudzi, ndikupempha mumvetse chinthu chimodzi. Miyezi imene bilu imakwera kuno, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, ndi yomweyo imene inu mumafuna feteleza wa chimanga ndi mbatatesi, fizi ya ana ndi ufa wa m'nyengo ya njala. Mwana wanu akatumiza zochepa mu Januwale, nthawi zambiri si kuti wakuiwalani. Ine ndinagwirizana ndi a kwathu kuti ndalama ya feteleza ndizitumiza mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo bilu ya kuno ndimalipira ndalama yofanana mwezi uliwonse kudzera ku banki, kuti zotsala za miyezi yotentha zithandize m'miyezi yozizira. M'gawo lotsatira tidzakamba za zovala ndi nsapato zoyenera nyengo imeneyi. Zikomo kwambiri, tsalani bwino.